Pulofesa Thomas Lambo, dotolo amene adatengera chithandizo cha odwala misala kumudzi

DOMASI, Zomba — Pa 13 Malichi 2004 dziko la Nigeria lidataya mmodzi mwa ana ake odziwika kwambiri pa nkhani za umoyo, Pulofesa Thomas Adeoye Lambo, amene adamwalira ali ndi zaka 80. Malemuwa adali munthu woyamba wa m'dzikolo kuphunzira ukatswiri wa matenda a m'maganizo m'sukulu za ku Ulaya, ndipo pambuyo pake adakwera mpaka kufika pa udindo wa wachiwiri kwa mkulu wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO.

Dzina la a Lambo limakumbukika pa zinthu ziwiri. Choyamba, kafukufuku wawo pa matenda a schizophrenia adathandiza kugwetsa chiphunzitso cha nthawi ya atsamunda chonena kuti maganizo a munthu wakuda ndi otsika poyerekeza ndi a mzungu. Chachiwiri, iwo adayambitsa njira yothandizira odwala misala ali m'mudzi pamodzi ndi abale awo, m'malo mowatsekera kuseri kwa mpanda.

Mbiri yawo ikukhudzanso dziko lino. Midzi ya m'chigwa cha Domasi, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, ili pa mtunda waufupi kuchokera ku chipatala cha Zomba Mental, chomwe ndi chipatala chachikulu cha boma cholandira odwala matenda a m'maganizo ochokera m'zigawo zonse. Banja la ku Domasi likhoza kufika kumeneko ndi kubwerera tsiku lomwelo, pamene banja la ku Chitipa kapena ku Nsanje limayenera kugulitsa mbuzi kuti lipeze ndalama yoyendera. Funso loti wodwala athandizidwire kuti, ndiponso ndani akhale naye pafupi, ndi limene a Lambo adalimbana nalo moyo wawo wonse.

Ubwana ndi maphunziro

A Lambo adabadwa pa 29 Malichi 1923 mumzinda wa Abeokuta, kumadzulo kwa Nigeria, pakati pa anthu a mtundu wa Chiyoruba. Nthawi imeneyo dzikolo lidali pansi pa ulamuliro wa Britain monga mmene lidalili dziko lino pamene linkatchedwa Nyasaland.

Kuyambira 1935 mpaka 1940 adaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Baptist Boys' High School mumzinda womwewo. Kenaka adapita ku Mangalande komwe adakachita maphunziro a udotolo pa yunivesite ya Birmingham, ndipo adawamaliza mu 1948.

Atagwirako ntchito ya udotolo, mu 1952 adalowa sukulu ya ukachenjede ya Institute of Psychiatry ya pa chipatala cha Maudsley mumzinda wa London. Sukuluyi, yomwe inkatsogoleredwa ndi Pulofesa Aubrey Lewis, idali yotchuka chifukwa chophunzitsa madotolo kufunsa wodwala mwatsatanetsatane ndi kulemba zizindikiro mosamala asadatchule dzina la matenda. Luso limeneli ndi lomwe a Lambo adabwerera nalo kwawo mu 1954.

Mmene zinthu zidalili m'maiko a atsamunda

M'zaka zimenezo, nyumba zosungira odwala misala m'maiko a mu Africa olamulidwa ndi Britain zidali zofanana kwambiri ndi ndende. Ku Nigeria kudali Yaba mumzinda wa Lagos, Calabar, komanso Lantoro ku Abeokuta, yomwe poyamba idali ndende ndithu. Ku Kenya kudali Mathari ndipo ku Bulawayo kudali Ingutsheni.

Kuno kwathu, malo osungira odwala misala adatsegulidwa ku Zomba mu 1910 ngati nthambi ya ndende yaikulu ya m'tauniyo, ndipo owayang'anira adali asilikali a ndende. Ambiri mwa olowa m'menemo ankachita kubwera nawo apolisi kapena kutumizidwa ndi bwalo la milandu atapalamula kapena atasowetsa mtendere pamudzi. Cholinga cha malowo chidali kuteteza anthu akunja, ndipo za kuchiza zidali zochepa. Udindo woyendetsa malowa udachoka m'manja mwa a ndende kupita ku nthambi ya zachipatala kumayambiriro a zaka za m'ma 1950, ndipo chipatala chatsopano cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953.

Zotsatira za kayendetsedwe kotere zidali zofanana paliponse. Anthu ankaopa malowa, motero ankabisa wodwala kunyumba kapena kupita naye kwa sing'anga mpaka matenda atakula. Wolowa m'menemo ankatha zaka osaonana ndi abale, ndipo akatuluka ankapeza munda wake uli m'manja mwa ena, banja litatha.

Kodi schizophrenia ndi chiyani?

M'Chichewa mawu akuti misala amaphatikiza matenda ambiri osiyana. Schizophrenia ndi amodzi mwa matendawo. Dzinali adalipeka mu 1908 ndi dotolo wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, pofuna kulowa m'malo mwa dzina lakale lomwe Emil Kraepelin wa ku Germany ankagwiritsa ntchito.

Wodwala matendawa amatha kumva mawu a anthu omwe palibe, kukhulupirira kolimba zinthu zomwe sizoona monga zoti ena akumulondalonda kuti amuphe, kuyankhula zosagwirizana, kudzipatula ndiponso kusiya kudzisamalira. Kawirikawiri matendawa amayamba munthu akamamaliza unyamata kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo amuna amayamba msanga kusiyana ndi akazi. Iyi ndi nthawi imene munthu amakhala ali pasukulu, akuyamba ntchito kapena akumanga banja.

Malinga ndi chiwerengero chomwe bungwe la WHO lidatulutsa mu 2022, anthu pafupifupi 24 miliyoni pa dziko lonse adali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Akatswiri amati palibe chinthu chimodzi chokha chomwe chimayambitsa matendawa. Chibadwa cha kumtundu chimatengapo mbali, chimodzimodzinso mavuto omwe munthu wakumana nawo, ndipo kusuta chamba kwambiri kumaonjezera chiopsezo. Matendawa ndi osiyana ndi khunyu, ndipo sapatsirana.

Mankhwala oyamba othandiza kuchepetsa zizindikiro, a chlorpromazine, adayamba kugwiritsidwa ntchito mumzinda wa Paris mu 1952, chaka chomwe a Lambo ankayamba maphunziro awo ku Maudsley.

Kutsutsa chiphunzitso cha atsamunda

Pamene a Lambo ankaphunzira, munthu amene ankatengedwa ngati katswiri wamkulu pa maganizo a anthu a mu Africa adali Dr J.C. Carothers, yemwe adayang'anira chipatala cha Mathari ku Nairobi kwa zaka zoposa khumi. Mu 1953 bungwe la WHO lidasindikiza buku lake lotchedwa The African Mind in Health and Disease. M'zolemba zake dotoloyu adafanizira kaganizidwe ka munthu wa mu Africa wabwinobwino ndi ka mzungu amene wachitidwa opaleshoni yodula mbali yakutsogolo ya ubongo, ndipo ankaphunzitsa kuti matenda a kukhumudwa ndi osowa pakati pa anthu akuda.

Maganizo oyandikira pamenepa adalembedwaponso ku Zomba. Mu 1936 madotolo awiri a boma, H.M. Shelley ndi W.H. Watson, adasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pa odwala a m'nyumba ya misala ya ku Zomba m'magazini ya akatswiri ya Journal of Mental Science. Iwo adapeza odwala schizophrenia ambiri ndithu, ndipo adalumikiza matendawo ndi sukulu komanso kukhala pafupi ndi moyo wachizungu. Kaganizidwe kameneka, koti munthu wakuda amasokonezeka mutu akachoka kumudzi ndi kuphunzira, kadali kofala pakati pa madotolo a atsamunda ndipo kankagwirizana bwino ndi ndale za nthawiyo.

Mu 1955 a Lambo adayankha kudzera m'magazini yomweyo, m'nkhani yofotokoza mmene chikhalidwe chimakhudzira misala ya mtundu wokayikira anthu ena pakati pa Ayoruba. Iwo adayerekeza magulu awiri a odwala. Mwa odwala ophunzira ndi okhala m'tauni, zizindikiro zidali zofanana ndi zomwe adaziona ku London. Mwa odwala a kumudzi osapita kusukulu, zikhulupiriro zabodza za wodwala zinkazungulira pa ufiti, mizimu ya makolo ndi kulodzedwa, ndipo nthawi zambiri pankakhalanso mantha aakulu ndi kubalalika.

Mfundo yawo idali yoti matendawo ndi amodzi, koma chikhalidwe ndicho chimapereka nkhani yomwe wodwala amafotokozera mavuto ake. Wodwala wa ku London amati akumutumizira mauthenga pa wailesi, pamene wa ku Abeokuta amati mfiti zikumutsata usiku.

A Lambo adachenjezanso za vuto lomwe dotolo wosadziwa chiyankhulo ndi miyambo amagwamo. Kukhulupirira ufiti pakokha si chizindikiro cha misala ngati mudzi wonse umakhulupirira zomwezo. Dotolo ayenera kudziwa pamene chikhulupiriro cha wodwala chapyola malire a zomwe abale ake amaziona ngati zachizolowezi, ndipo abalewo ndi amene amayamba kuzindikira zimenezi. Iwo adadzudzula zolemba zambiri za atsamunda ponena kuti zidamangidwa pa odwala ochepa a m'ndende, ofunsidwa kudzera mwa womasulira, kenaka n'kugamula za anthu a m'kontinenti yonse.

Midzi ya ku Aro

Atabwerera kwawo mu 1954, a Lambo adapatsidwa udindo woyang'anira chipatala chatsopano cha matenda a m'maganizo chomwe boma linkamanga pa malo otchedwa Aro, kunja kwa Abeokuta. Zipinda zogoneka odwala zidali zisadathe. M'malo modikira, iwo adakambirana ndi mafumu ndi akuluakulu a midzi yoyandikana ndi chipatalacho kuti alandire odwala m'nyumba zawo, ndipo ntchitoyi idayamba mu Okutobala chaka chomwecho.

Dongosolo lake lidali lotere. Wodwala aliyense ankabwera ndi mbale wake mmodzi kapena kuposerapo, kawirikawiri mayi, mlongo kapena azakhali, amene ankamuphikira, kumuchapira ndi kumuperekeza kuchipatala. Awiriwa ankachita lendi chipinda m'mudzi. M'mawa wodwala ankapita kuchipatala kukalandira chithandizo, masana ankagwira ntchito zamanja kapena zakumunda, ndipo madzulo ankabwerera kukagona m'mudzi pakati pa anthu ena. Anamwino ankapezeka m'midzimo usana ndi usiku kuti athandize pakagwa vuto. Ntchitoyi idakula mpaka kufika midzi inayi yomwe inkatha kusunga odwala pakati pa 200 ndi 300.

Poyamba eni midzi adali ndi mantha, poti ambiri ankaganiza kuti misala imapatsirana kapena kuti odwalawo adzavulaza ana. Chomwe chidathandiza n'chakuti a Lambo adaonetsetsa kuti mudzi nawo ukupindula. Eni nyumba ankalandira ndalama ya lendi, ena adapatsidwa ngongole zokulitsira nyumba zawo, ena adalembedwa ntchito pachipatala, ndipo midziyo idalandira madzi abwino, zimbudzi ndi ntchito yolimbana ndi udzudzu. Akuluakulu a midzi ankakhala nawo pa misonkhano yokambirana za kayendetsedwe ka ntchitoyi.

Malinga ndi malipoti omwe a Lambo adasindikiza m'magazini ya British Medical Journal mu 1956 ndi 1960 komanso m'zolemba zawo zina, odwala a m'midzi ya ku Aro ankapeza bwino msanga ndipo sankazolowera moyo wodalira chipatala monga ankachitira otsekeredwa. Mbale amene adakhala ndi wodwala ankabwerera kumudzi akudziwa zizindikiro za matenda ndi kufunika kwa mankhwala. Mtengo wosamalira wodwala mmodzi udalinso wotsika poyerekeza ndi wa m'chipinda cha chipatala.

Ubale ndi asing'anga

Chinthu china chomwe chidadabwitsa akuluakulu a zaumoyo a nthawiyo chidali choti a Lambo adaitana asing'anga ena kuti azigwira nawo ntchito. Iwo ankadziwa kuti pafupifupi wodwala aliyense wofika ku Aro adali atapitako kale kwa sing'anga, ndipo ambiri ankabwererako akatuluka. Adaona kuti kunyalanyaza asing'anga kukadangochititsa kuti odwala azibisa zomwe akumwa.

Asing'anga osankhidwawo ankathandiza kukambirana ndi odwala ndi abale awo, kuchita miyambo yomwe inkakhazika mitima pansi, ndiponso kulozera ofufuza kumene kudali odwala m'midzi. Kudadziwikanso kuti asing'anga a Chiyoruba ankagwiritsa ntchito mizu ya mtengo wa rauwolfia, womwe uli ndi mphamvu yoziziritsa wodwala wolusa, ndipo mankhwala a reserpine omwe madotolo a ku Ulaya ankapereka m'zaka za m'ma 1950 adachokera ku mitengo ya mtundu womwewo.

Izi sizikutanthauza kuti a Lambo adavomereza zonse zochitika kwa asing'anga. Kumanga odwala ndi unyolo ndi kuwakwapula kudalibe malo ku Aro, ndipo udindo wopima matenda ndi kupereka mankhwala udakhalabe m'manja mwa madotolo ndi anamwino. Pa nkhani yogwira ntchito ndi asing'anga, iwo adali pa mzere umodzi ndi Dr Tigani El Mahi wa ku Sudan, yemwe adayamba kuchita zofanana ndi zimenezi ku Khartoum.

Kafukufuku wa m'midzi ndi wa maiko asanu ndi anayi

Mu Novembala 1961, chaka chimodzi Nigeria italandira ufulu wodzilamulira, a Lambo adachititsa ku Abeokuta msonkhano woyamba wa akatswiri a matenda a m'maganizo a mu Africa monse. Chaka chomwecho adagwirizana ndi gulu la ofufuza a ku yunivesite ya Cornell ku America, lotsogoleredwa ndi Pulofesa Alexander Leighton, kuyendera midzi ndi tauni ya Abeokuta kufunsa anthu wamba za umoyo wawo wa m'maganizo.

Zotsatira zake zidatuluka mu 1963 m'buku lotchedwa Psychiatric Disorder among the Yoruba. Ataziyerekeza ndi za kafukufuku wofanana yemwe adachitika m'dera lina la kumudzi ku Nova Scotia m'dziko la Canada, ofufuzawa adapeza kuti zizindikiro zambiri zidali zofanana m'madera awiriwo, kuphatikizapo nkhawa ndi kukhumudwa komwe Carothers ankati n'kosowa mu Africa.

Mu 1963 a Lambo adakhala pulofesa pa yunivesite ya Ibadan. Adatsogolera nthambi yophunzitsa madotolo kuyambira 1966, ndipo kuyambira 1968 mpaka 1971 adali mkulu woyendetsa yunivesite yonse, nthawi yomwe mbali yake ina dzikolo lidali pa nkhondo yapachiweniweni ya Biafra. Ntchito ya ku Aro idapitirira m'manja mwa Dr Tolani Asuni.

M'zaka zomwezo bungwe la WHO lidayambitsa kafukufuku wamkulu wa schizophrenia m'mizinda isanu ndi inayi: Aarhus, Agra, Cali, Ibadan, London, Moscow, Prague, Taipei ndi Washington. Ibadan udali mzinda wokhawo wa mu Africa, ndipo udasankhidwa chifukwa cha maziko omwe a Lambo ndi anzawo adayala. Odwala oposa 1,200 adafunsidwa mafunso ofanana m'ziyankhulo zawo. Lipoti loyamba, la mu 1973, lidasonyeza kuti schizophrenia imapezeka m'madera onsewo ndipo ingathe kuzindikiridwa ndi muyeso umodzi.

Lipoti lachiwiri, la mu 1979, lidabweretsa zomwe ambiri sadayembekezere. Patapita zaka ziwiri, odwala a ku Ibadan ndi ku Agra m'dziko la India adaoneka kuti adapeza bwino kuposa a m'mizinda yolemera monga Aarhus ndi London. Akatswiri ambiri adaganiza kuti chifukwa chake chidali banja lalikulu komanso ntchito zakumudzi zomwe wodwala amatha kubwererako mosavuta.

Mfundo imeneyi ikufunika kuitenga mosamala. Mu 2008 ofufuza anayi, kuphatikizapo Pulofesa Oye Gureje wa ku Ibadan komweko ndi Pulofesa Vikram Patel wa ku India, adaunikanso kafukufuku wa m'maiko osauka ndipo adapeza kuti chithunzicho n'chosakanikira. Odwala ena adasowa osapezekanso pa nthawi yowalondola, ambiri adamwalira msanga, ndipo amene sadalandire mankhwala kwa nthawi yaitali zinthu sizidawayendere bwino. Banja limathandiza, koma palokha silichiza schizophrenia. Ku Aro nako wodwala ankagona m'mudzi uku akuonana ndi namwino ndi dotolo tsiku ndi tsiku.

Zaka za ku Geneva

Mu 1971 a Lambo adapita ku likulu la WHO ku Geneva ngati mmodzi mwa othandizira mkulu wa bungweli, ndipo patapita zaka zochepa adakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkuluyo, Dr Halfdan Mahler wa ku Denmark. Adakhala pa udindowu mpaka pamene adapuma mu 1988. Bungwe lomwe lidasindikiza buku la Carothers mu 1953 tsopano lidali ndi wotsutsa wake wamkulu pa mpando wachiwiri.

Mu 1975 komiti ya akatswiri ya WHO idalangiza maiko ongotukuka kumene kuti chithandizo cha matenda a m'maganizo chiziperekedwa m'zipatala zing'onozing'ono ndi ogwira ntchito wamba ophunzitsidwa bwino, popeza madotolo a ukatswiri sadzakwanira msanga. Mu 1978 msonkhano wa ku Alma-Ata udakhazikitsa mfundo yoti chithandizo choyambirira cha zaumoyo chifike pafupi ndi kumene anthu amakhala. Pulogalamu ya mhGAP yomwe bungweli lidakhazikitsa mu 2008, yophunzitsa anamwino ndi madotolo aang'ono kuzindikira ndi kuchiza matenda a m'maganizo, ikuyenda m'njira yomweyo.

Mwa ulemu womwe a Lambo adalandira pali mendulo ya OBE ya mu 1962 komanso kusankhidwa kukhala membala wa bungwe la akatswiri a sayansi la ku Vatican la Pontifical Academy of Sciences.

Pomwe ntchito ya ku Aro idaperewera

Njira ya ku Aro idatchuka kunja kuposa mmene idafalikira m'dziko la eni ake. Maiko ena adayesa zofanana nayo, monga ku chipatala cha Fann mumzinda wa Dakar komwe odwala ankagonekedwa pamodzi ndi abale awo, ndi ku Tanzania komwe kudakhazikitsidwa midzi yophunzitsiramo ntchito odwala amene apeza bwino. Koma boma la Nigeria silidaikhazikitse njirayi m'zigawo zonse. Mzinda wa Abeokuta utakula n'kumeza midzi yozungulira chipatala, moyo wa kumudzi womwe ntchitoyi inkadalira udasintha, ndipo zipinda zogoneka odwala zidatenga malo aakulu.

Ena mwa machiritso a nthawiyo, monga kukomola wodwala ndi jekeseni wa insulin, adasiyidwa pa dziko lonse atapezeka kuti ndi oopsa komanso osathandiza. Malipoti a ku Aro nawo adachokera pa zomwe madotolo ankaona pa odwala awo, zomwe n'zosiyana ndi kafukufuku wa masiku ano woyerekeza magulu awiri osankhidwa mwamaere.

Malamulo adatsalira kwambiri. Nigeria idapitiriza kugwiritsa ntchito lamulo la atsamunda la mu 1958 lokhudza odwala misala mpaka mu Januwale 2023 pamene lamulo latsopano lidasainidwa, patatha zaka pafupifupi 19 a Lambo atamwalira. Kuno ku Malawi lamulo la mu 1948 la Mental Treatment Act lidagwiranso ntchito kwa zaka zoposa 70.

Phunziro kwa ogwira ntchito m'boma

Chigwa cha Domasi chili ndi mbiri yakeyake pa nkhani yotengera ntchito za boma kumudzi. Sukulu ya Jeanes, yomwe idatsegulidwa kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, inkaphunzitsa aphunzitsi, mafumu ndi akazi awo za ukhondo, ulimi ndi kasamalidwe ka pakhomo kuti akaphunzitse anzawo. Mu 1949 boma lidayambitsanso kuno ntchito yoyeserera ya chitukuko cha m'midzi motsogozedwa ndi T.D. Thomson. Pamene a Lambo ankakambirana ndi mafumu a ku Aro mu 1954, mafumu a ku Domasi adali atatha zaka zingapo akukambirana ndi boma za zitsime, zimbudzi ndi sukulu za kwacha. Koma matenda a m'maganizo adakhalabe nkhani ya chipatala cha m'tauni.

Zinthu zasintha pang'onopang'ono. Anamwino ndi madotolo aang'ono ophunzira za matenda a m'maganizo amapezeka m'zipatala za m'maboma, abale a St John of God adatsegula ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'zaka za m'ma 2010 ogwira ntchito pa chipatala cha Zomba Mental pamodzi ndi akatswiri a ku yunivesite ya York adaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'boma la Zomba kuzindikira ndi kuthandiza anthu ovutika m'maganizo m'midzi yawo. Mwambo woti wodwala azikhala ndi gadiyani ndi wokhazikika kale m'zipatala zathu, ndipo pamenepa dziko lino lili ndi chinthu chomwe a Lambo adachita kuchimanga.

Mbiri ya ku Aro ikusonyeza zomwe zimafunika kuti chisamaliro cha kumudzi chitheke, ndipo zambiri mwa izo ndi nkhani za bajeti ndi dongosolo. Mankhwala monga chlorpromazine, haloperidol ndi jekeseni wa pamwezi wa fluphenazine ayenera kupezeka pa chipatala chaching'ono chapafupi mwezi uliwonse, chifukwa wodwala akadukiza matenda amabwerera. Namwino woyendera midzi amafunika galimoto kapena njinga yamoto yokhala ndi mafuta pa tsiku lomwe adalonjeza. Mafumu, apolisi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti komanso asing'anga ayenera kudziwa kumene angatumize munthu amene wayamba kusokonezeka, ndiponso kuti kumumanga pamtengo n'kuphwanya ufulu wake. Kuyambira pamene lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 lidapereka mphamvu ku makhonsolo, zambiri mwa zisankho zimenezi zimapangidwa pa boma pomwepo.

Palinso nkhani ya amene amasenza mtolowo. Ku Aro, monganso kuno, wosamalira wodwala kawirikawiri amakhala mayi, ndipo mayi amene akudikirira mwana wake nthawi ya dzinja sapalira munda wake. A Lambo adaonetsetsa kuti mudzi wolandira odwala ukulandirapo lendi, ntchito ndi madzi. Ndondomeko yomwe imabweza wodwala kumudzi popanda mankhwala, popanda namwino womuyendera ndi popanda thandizo kwa womusamalira imangochotsa ndalama pa bajeti ya chipatala n'kuziika pa msana pa banja losauka.

A Lambo atapuma ntchito ku Geneva adabwerera ku Nigeria, komwe adakhala zaka zawo zomaliza. Chipatala chomwe adachiyamba ndi odwala ogona m'nyumba za eni mudzi chilipobe ku Aro pansi pa boma lalikulu la dzikolo, ndipo chimaphunzitsa madotolo ndi anamwino a matenda a m'maganizo.